Maliro Opanda Mtembo: Mabanja a Asilikali a Ndege a ku Britain pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse

Akuluakulu akale adati, "Maliro n'kulirana." Mwambiwu umanena za mudzi umene wasonkhana pasiwa, mtembo uli m'nyumba, amayi akukhuza, adzukulu ali kumanda ndi makasu awo. Namfedwa akaona ndi maso ake dzenje likukwiriridwa, mtima wake, ngakhale ukuwawa, umavomereza kuti zatha, ndipo tsiku lometa likadutsa moyo umayambanso kuyenda. Koma alipo maliro ena amene alibe siwa, alibe mtembo, alibe ngakhale tsiku lenileni loyambira kulira. Maliro otere ndiwo adagwera mabanja zikwizikwi a ku Britain pakati pa 1939 ndi 1945, pamene ana awo ndi amuna awo adali m'gulu lankhondo la ndege lotchedwa Royal Air Force, kapena RAF mwachidule.

Mabuku ambiri a mbiri yakale amasimba za mitundu ya ndege, za mizinda imene idaphulitsidwa, ndi za akuluakulu a nkhondo amene adalamula. Nkhani ino ikulowa m'nyumba za anthu amene adatsala kumudzi, kuti owerenga aone chimene nkhondo imachita kwa mayi amene wakhala pakhonde kudikira mwana wake.

Anyamata amene adadzipereka okha

Gulu la RAF lidakhazikitsidwa pa 1 Epulo 1918, nkhondo yoyamba ili pafupi kutha. Britain idalowa m'nkhondo yachiwiri pa 3 Sepitembala 1939, ndipo chaka chotsatira gululi lidayesedwa koopsa. Kuyambira pa 10 Julayi mpaka pa 31 Okutobala 1940, asilikali a ndege pafupifupi 3,000 adalimbana ndi ndege za Germany mumlengalenga mwa dziko lawo lomwe, anthu akuonerera ali m'minda ndi m'misewu. Mwa iwo 544 adafa m'miyezi imeneyo. Nduna yaikulu Winston Churchill adawathokoza m'nyumba ya malamulo, ndipo mpaka lero Angerezi amawakumbukira ndi ulemu waukulu.

Komabe imfa zochuluka zidagwera nthambi ina yotchedwa Bomber Command, imene ntchito yake idali kukaponya mabomba ku Germany ndi m'maiko amene Hitler adalanda, makamaka usiku. Amuna pafupifupi 125,000 adauluka m'nthambiyi, ndipo 55,573 adafa. Kunena kwina, pa anyamata 100 alionse, 44 sadaone kutha kwa nkhondo. Ena oposa 9,000 adagwidwa ukaidi. Ambiri adali a zaka za m'ma 20 zoyambirira, ena a zaka 19 zokha. Ngakhale boma lidali kulemba amuna usilikali mokakamiza, ntchito youluka m'ndege sidali yokakamiza. Aliyense adachita kudzipereka yekha. Sadali Angerezi okha ayi. Padali zikwi za anyamata a ku Canada, Australia ndi New Zealand, ena a ku Poland, a ku zilumba za Caribbean, ngakhalenso a ku Africa, monga Johnny Smythe wa ku Sierra Leone, amene ndege yake idagwetsedwa mu 1943 iye nakhala mkaidi mpaka nkhondo itatha.

Ndege yaikulu yotchedwa Lancaster idali kunyamula anthu asanu ndi awiri: woiyendetsa, wolondolera njira, woponya mabomba, mmisiri wa injini, wa wailesi, ndi owombera mfuti awiri. Anthuwa adali kusankhana okha pa nthawi ya maphunziro. Adali kuwalowetsa m'chinyumba chachikulu chosungiramo ndege ndi kuwauza kuti aliyense apeze anzake. Kuchokera tsiku limenelo adali ngati ana a mimba imodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga: wolondolera njira akasokera, onse asokera, wowombera mfuti wa kumchira akasinza, onse afa. Lamulo lidali lakuti gulu limalize maulendo 30 lisanapatsidwe mpumulo, ndipo m'zaka zoipitsitsa, 1943 ndi 1944, magulu ambiri sadafike pa nambalayo. Choncho ndege imodzi ikagwa, nyumba zisanu ndi ziwiri zidali kulowa m'chisoni usiku umodzi, ina ku Scotland, ina ku London, ina kutsidya la nyanja ku Canada.

Usiku wa ku Lincolnshire

Mabwalo ambiri a ndegezi adali kum'mawa kwa England, makamaka m'chigawo cha Lincolnshire, dziko lachidikha la minda ya tirigu ndi mbatata. Msilikali wa pansi amapita kunkhondo kutali, nakhala komweko miyezi kapena zaka. Msilikali wa ndege adali wosiyana: nkhondo yake idali ya usiku umodziumodzi. Madzulo adali kudya dzira ndi nyama ya nkhumba, chakudya chimene anthu wamba adali kuchipeza movutikira chifukwa boma lidayamba kugawa zakudya mwamuyeso mu Januwale 1940. Kenaka adali kuuluka maola asanu ndi limodzi kapena kuposerapo pakati pa mizinga ndi kuzizira koopsa, ndipo akapulumuka, m'mawa adali kumvanso mbalame za kwawo zikulira. Mawa lake mwina adali kukavina m'tauni ndi bwenzi lake, mkucha n'kubwereranso kumoto.

Akazi ena adachita lendi tizipinda m'midzi yoyandikana ndi mabwalowo kuti akhale pafupi ndi amuna awo. Akaziwa ndiwo adasenza mtolo umene mabuku sautchula kawirikawiri. Dzuwa likamalowa adali kumva injini zikubangula, nawerenga ndege zikunyamuka imodziimodzi. M'bandakucha adali kudzuka kuwerenganso zikubwera. Zikapereŵera ziwiri, palibe amene adali kudziwa kuti ziwirizo ndi za yani, mpaka kutacha.

Panalinso akazi ovala yunifolomu, a gulu la Women's Auxiliary Air Force limene lidakhazikitsidwa mu Juni 1939 ndipo pofika 1943 lidali ndi akazi pafupifupi 180,000. Iwo ndiwo adali kupinda maparachuti, kuyendetsa malole operekeza anyamata kundege zawo, ndi kulankhula pa wailesi ndi ndege zobwera zitavulala. Ambiri adapalana ubwenzi ndi anyamatawo. Ndipo pano padaoneka kuti mantha a imfa amabala zikhulupiriro pakati pa mtundu uliwonse wa anthu. Mtsikana amene abwenzi ake awiri kapena atatu adafa motsatizana adali kumuyesa watsoka, anyamata namuthawa ngati wonyamula imfa, chisoni chake chikuwonjezeredwa ndi kusalidwa. Anyamata eni ake adali kunyamula tizinthu tochokera kunyumba, kaya mpango wa mkazi, kaya kachidole ka mwana, nakasunga ngati chithumwa.

Usiku wa pa 30 Malichi 1944 ndege 795 zidatumizidwa ku mzinda wa Nuremberg. Mwezi udawala, mitambo imene adaiyembekezera sidabwere, ndipo ndege 95 sizidabwerere. Amuna oposa 500 adafa usiku umodzi wokhawo, chiwerengero chofanana ndi cha onse amene adafa m'miyezi inayi ija ya 1940.

Chakudza sichiimba ng'oma

Uthenga udali kufika kunyumba ndi mnyamata wa kupositi wokwera njinga, atanyamula telegalamu. M'misewu ya m'mizinda amayi adali kusuzumira pazenera kuona khomo limene njingayo iimepo. Mawu a m'telegalamu adali ochepa: boma likudandaula kudziwitsa banja kuti mwana wawo wasowa pa ulendo wa usiku wakutiwakuti, kalata itsatira. Liwu lakuti "wasowa" ndilo lidali phata la vuto lonse. Anzake a pabwalo sadali kudziwa kanthu. Ndege idanyamuka, sidabwerere, basi. Mwina idapsa mumlengalenga, mwina idagwera m'nyanja ya North Sea, mwina anyamatawo adalumpha ndi maparachuti ndipo akubisidwa ndi alimi a ku Belgium kapena France. Banja lidali kupemphedwanso kuti lisauze atolankhani, kuopa kuika pangozi munthu amene mwina akuzemba adani.

Kubwalo la ndege, kagulu ka asilikali kadali kubwera msanga kudzachotsa katundu wa osowawo. Zovala za boma zidali kubwerera kunkhokwe, za mwini wake zidali kulembedwa ndi kutumizidwa kumalo osungira katundu ku Colnbrook, ndipo pasadapite masiku mabediwo adali atagonedwa kale ndi anyamata atsopano. Mkulu wa gulu adali kulemba kalata ya chipepeso kwa mabanja onse asanu ndi awiri, ndipo akuluakulu ena adalemba makalata otere mazanamazana.

Kenaka kudali kudikira. Maina a akaidi ndi a akufa amene Ajeremani adawapeza adali kudzera ku bungwe la Red Cross ku Geneva, ndipo adali kutenga masabata kapena miyezi. Mabanja ena adali kumvera wailesi ya adani, imene nthawi zina idali kuwerenga maina a ogwidwa pofuna kukopa omvera. Amayi a anyamata a m'ndege imodzi, anthu amene sadaonanepo chibadwire, adayamba kulemberana makalata, aliyense akufunsa ngati mnzake wamvako kanthu. Pakapita miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi popanda mbiri, boma lidali kulemba kuti pa nkhani za malamulo munthuyo akuyesedwa wakufa. Pepala lidali kutseka nkhani, koma mtima wa mayi sutsekedwa ndi pepala. Mkazi wachitsikana sadali kudziwa ngati ali pabanja kapena ndi wamasiye, ngati avale zakuda kapena ayale bedi.

Amene adamva kuti mwana wawo ali moyo kundende adasangalala, ndipo adali kuloledwa kumutumizira phukusi la zovala kamodzi pa miyezi itatu. Koma ngakhale chimwemwe chimenechi sichidali chokhazikika. Mu Malichi 1944 akaidi 76 adathawa m'ndende ya Stalag Luft III kudzera mumphanga imene adakumba pansi pa nthaka. Atatu okha ndiwo adafika kwawo. Mwa 73 amene adagwidwanso, 50 adawomberedwa molamulidwa ndi Hitler, mitembo yawo n'kutenthedwa. Mabanja amene adali atapukuta kale misozi adayambanso kulira.

Amayi atatu

Anyamata ambiri adali kulemberatu kalata yoti idzaperekedwe kunyumba ngati sadzabwerera. Yotchuka koposa ndi ya Vivian Rosewarne, woyendetsa ndege ya Wellington amene adasowa kumapeto kwa Meyi 1940, pa nthawi imene asilikali a Britain adali kupulumutsidwa ku Dunkirk. Mkulu wa bwalo la Marham adaipeza m'katundu wake, ndipo mayi ake atavomera, nyuzipepala ya The Times idaisindikiza mu Juni 1940 popanda dzina. Anthu adaifuna kwambiri kotero kuti idasindikizidwa ngati kabuku, kamene kadagulidwa mazana a zikwi. Mabanja ochuluka adaiwerenga ngati kuti yalembedwa ndi mwana wawo.

Mayi wachiwiri ndi wa banja la Garland, lochokera ku Ireland. Mwana wawo Donald adafa pa 12 Meyi 1940 akuphulitsa mlatho wa pa Albert Canal ku Belgium, ndipo adapatsidwa mendulo yapamwamba koposa ya Victoria Cross atafa kale. Abale ake atatu, Desmond, John ndi Patrick, nawonso adali mu RAF, ndipo onse adamwalira nkhondo isanathe, wotsiriza pa 1 Januwale 1945. Nyumba imodzi idapereka ana aamuna anayi.

Wachitatu ndi Rachel MacRobert, mayi wamasiye wachuma wa ku Douneside m'chigawo cha Aberdeenshire ku Scotland, amene adali katswiri wa maphunziro a miyala. Adali ndi ana aamuna atatu. Woyamba, Alasdair, adafa pa ngozi ya ndege mu 1938 nkhondo isanayambe. Wachiwiri, Roderic, adaphedwa mu Meyi 1941 akumenya nkhondo ku Iraq. Patangopita masabata asanu ndi limodzi, pa 30 Juni 1941, wotsiriza, Iain, adanyamuka kukafunafuna anzake amene adagwera m'nyanja, ndipo iyenso sadaonekenso. Mayiyo adapereka mapaundi 25,000 kuti agulire ndege yoponya mabomba ya mtundu wa Stirling, imene idatchedwa MacRobert's Reply, kutanthauza yankho la banja la MacRobert. Anthu adamutama chifukwa cha kulimba mtima. Koma mbiri siyenera kubisa mathero ake. Ndege yoyamba itaonongeka, dzinalo lidaikidwa pa ina, ndipo imeneyo idagwetsedwa ku Denmark mu Meyi 1942, munthu mmodzi yekha n'kupulumuka. Yankho la mayi mmodzi wolira lidatumiza anyamata a kupositi kumakomo a amayi ena. Akale sadaname pamene adati nkhondo simanga mudzi. Chimene chidakhalitsa pa ntchito za mayiyu ndi nyumba imene adaipereka kuti asilikali a ndege azikapumulako, ndi thumba lothandiza anthu lotchedwa MacRobert Trust.

Obwerera ndi nkhope zina

Panali maliro a mtundu winanso, olira munthu amene ali moyo. Mafuta a ndege akayaka adali kupsereza nkhope ndi manja, malo amene zovala sizidaphimbe. Opsa ambiri adatumizidwa ku chipatala cha Queen Victoria m'tauni ya East Grinstead, kumene dokotala wa ku New Zealand, Archibald McIndoe, adali kuwaumbira zikope, milomo ndi mphuno zatsopano ndi khungu lochotsedwa m'malo ena a thupi. Munthu mmodzi adali kuchitidwa maopaleshoni makumi angapo. Mu 1941 odwalawo adayambitsa kalabu yawo, Guinea Pig Club, dzina lodziseka okha lochokera ku mbira zimene madokotala amayeserapo mankhwala, ndipo pofika kumapeto kwa nkhondo idali ndi mamembala 649.

McIndoe adazindikira kuti kusoka nkhope si kuchiritsa munthu. Maukwati ena adatha mkazi atangoona mwamuna wake, ndipo zibwenzi zina zidafera pakhomo la chipatala. Choncho adapempha anthu a m'tauniyo kuti aziitana anyamatawo kunyumba zawo, azidya nawo, ndipo asamawayang'anitsitse mumsewu. Tauniyo idamvera, ndipo mpaka lero imadziwika ndi mbiri imeneyo. Anthu a kumeneko adachita zimene mwambi umanena, kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ena mwa opsawo adakwatira anamwino amene adawasamalira.

Zilonda zina sizidali kuoneka ndi maso. Mnyamata amene mantha adamugonjetsa, nakana kuulukanso, adali kulembedwa kuti ndi wopanda mtima wachimuna, kuchotsedwa udindo ndi kusamutsidwa msanga kuti asafooketse anzake. Manyaziwo adali kufika ndi kunyumba komwe. Lero madokotala amadziwa kuti ambiri mwa iwo adali odwala chifukwa cha zoopsa zimene adaona. Ana ambiri adakula ndi bambo wokuwa kutulo koma wosanena kanthu masana.

Manda akutali

Chiyambire nkhondo yoyamba, Britain idali ndi lamulo lakuti msilikali wofera kunja aikidwe komweko, wolemera ndi wosauka mofanana, pansi pa mwala wofanana. Bungwe losamalira mandawo, limene lero limatchedwa Commonwealth War Graves Commission, lidakhazikitsidwa mu 1917. Banja lidali kuloledwa kusankha mawu ochepa oti azokotedwe kumunsi kwa mwalawo, ndipo kwa makolo ambiri osauka mawu amenewo ndi chithunzi cha manda ndizo zonse zimene adapeza. M'manda a Reichswald ndi Rheinberg ku Germany muli mizere ya miyala isanu ndi iwiri yogundizana, anyamata a m'ndege imodzi atagona pamodzi monga momwe adaulukira.

Manda ena ali pafupi ndi kuno. Popeza mlengalenga mwa Britain mudali nkhondo ndi mitambo, maphunziro ambiri a oyendetsa ndege adachitikira kumaiko akutali, ndipo limodzi mwa iwo lidali Southern Rhodesia, lero Zimbabwe. Sukulu yoyamba idatsegulidwa ku Belvedere mu Salisbury mu Meyi 1940, ndipo zina zidatsatira kufupi ndi Bulawayo ndi Gwelo. Mabwalowo adalambulidwa ndi manja a anthu akuda, ndipo adali kulonderedwa ndi asilikali akuda a gulu la Air Askari Corps. M'mizinda imeneyi mudali anthu ambiri a ku Nyasaland amene adapita kukagwira ntchito, ndipo phokoso la ndege zophunzirira lidali la tsiku ndi tsiku m'makutu mwawo. Kuphunzira kuuluka kudali koopsa. M'nthambi ya Bomber Command mokha anthu oposa 8,000 adafa pa ngozi, osati ndi mfuti ya mdani. Amene adafera ku Rhodesia adaikidwa m'manda a Pioneer ku Harare, a Athlone ku Bulawayo ndi a ku Gweru, ndipo miyala yawo ilipo mpaka lero, kutali ndi amayi amene adawabala.

Nkhondo ili pafupi kutha, mu 1944, RAF idakhazikitsa gulu lofufuza osowa lotchedwa Missing Research and Enquiry Service. Amuna a gululi, ambiri a iwo ouluka akale, adayenda m'midzi ya ku Ulaya kufunsa alimi ndi abusa, kufukula manda osalembedwa, kuwerenga manambala a pa injini zadzimbiri ndi zilembo za ochapa pa makolala a malaya. Adali kufunafuna anthu pafupifupi 42,000, ndipo pofika 1952, pamene ntchitoyo idatsekedwa, adali atapeza manda a oposa theka. Otsalawo adali m'nyanja, m'matope, kapena adapsa osasiya kanthu.

Udzu wa pansi pa njovu

Njovu ziwiri zikamamenyana, umavutika ndi udzu, ndipo udzuwo udali mbali zonse ziwiri. Kuyambira Sepitembala 1940 mpaka Meyi 1941 mabomba a Germany adapha anthu wamba oposa 40,000 ku Britain, kotero kuti msilikali wa ndege adali kuthekera kupulumuka kunkhondo n'kukapeza nyumba ya makolo ake ili phulusa. Koma mabomba amene anyamata a RAF adaponya adagweranso pa mabanja. Ku Hamburg mu Julayi 1943 moto udapha anthu pafupifupi 40,000 m'masiku ochepa, ndipo ku Dresden mu Febuluwale 1945 adafa anthu ofika 25,000. Nakonso ambiri adalira popanda mtembo.

Chifukwa cha zimenezi, nkhondo itatha akuluakulu a dziko adachita manyazi ndi ntchito imene iwo eni adailamula. M'mawu ake a chipambano mu Meyi 1945, Churchill adatchula magulu ambiri koma sadatchule Bomber Command, ndipo gululi silidapatsidwe mendulo yakeyake. Mayi amene adataya mwana adamva ngati dziko likufuna kuiwala chimene mwanayo adafera. Akazi amasiye nawo adapatsidwa penshoni yochepa, imene boma lidali kudulaponso msonkho, ndipo idali kutha mkazi akakwatiwanso. Bungwe la RAF Benevolent Fund, lokhazikitsidwa mu 1919, lidathandiza ambiri ndi fizi ya ana ndi lendi. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: mu 1971 amasiyewo adapanga bungwe lawo, War Widows' Association, ndipo atalimbikira zaka zambiri, msonkhowo udachotsedwa wonse mu 1979.

Mwala m'malo mwa manda

Pa 17 Okutobala 1953 Mfumukazi Elizabeth II idatsegula chipilala chachikumbutso pa phiri la Cooper's Hill ku Runnymede, moyang'anana ndi mtsinje wa Thames. Pamakoma ake padalembedwa maina oposa 20,000 a amuna ndi akazi a magulu a ndege amene adasowa ku Britain ndi kumpoto chakumadzulo kwa Ulaya, ndipo alibe manda odziwika. Dzina la Iain MacRobert lili pamenepo. Palinso la Amy Johnson, mkazi wotchuka pa kuyendetsa ndege, amene adagwera m'madzi a Thames mu Januwale 1941, ndi la Noor Inayat Khan, amene adatumizidwa ku France ngati kazitape wa wailesi naphedwa ku Dachau mu 1944. Zipilala zina zotere zili ku Malta, El Alamein, Singapore ndi Ottawa. Kwa mabanja, dzina lozokotedwa pamwala lidakhala manda: malo oti munthu aimepo, aikepo maluwa, ndi kuonetsa mdzukulu kuti agogo ako ndi awa.

Chipilala cha Bomber Command chidachedwa kwambiri. Chidatsegulidwa ku Green Park mu London pa 28 Juni 2012, patapita zaka 67, makolo onse a anyamatawo atamwalira kale. Pakhoma lake padalembedwanso mawu okumbukira anthu a mitundu yonse amene adafa ndi mabomba m'nkhondoyo.

Ndipo kufunafuna sikudathe. Usiku wa pa 29 Malichi 1943 ndege ya Stirling ya nambala BK716 idapita ku Berlin ndi anyamata asanu ndi awiri, Angerezi ndi a ku Canada, ndipo sidabwerere. Maina awo adalembedwa ku Runnymede. Mu 2008 zidutswa za ndege zidapezeka pansi pa nyanja ya Markermeer ku Netherlands, ndipo kabokosi kosungiramo ndudu, kokhala ndi zilembo zoyamba za dzina la mmodzi wa iwo, kadathandiza kuizindikira. Mu 2020 boma la Netherlands lidaivuula pamodzi ndi mafupa, ndipo mu 2022 anyamatawo adaikidwa m'manda a Jonkerbos ku Nijmegen ndi ulemu wonse wa chisilikali. Amayi awo, amene adalandira matelegalamu aja, padalibe ndi mmodzi yemwe. Amene adaima pamanda adali a mibadwo yotsatira, anthu a imvi olira abale amene ambiri a iwo sadawaonepo.

Adzukulu amene amadabwa chifukwa chimene akuluakulu amaumirira kuti mtembo ubwere kumudzi, ngakhale ndalama zake zikhale zowawa, aganizire za mabanja amenewa. Adadikira zaka 79, ndipo tsiku litafika adawoloka nyanja kukaona dothi likukwiriridwa.